Masiku Asanu ndi Awiri Opitirira

Tebulo la kukhitchini ladzaza mapepala.
Kunja mvula ya ku Stoke ikungowaza, yosakata, yosakula.
Ndatsegula pasipoti yakale yodulidwa pangodya,
ndikutsata zidindo ndi chala
ngati munthu wowerenga zipsera za pathupi pake.

Fomu ikufunsa ngati ndakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu.
Imvi zandiyankhira.
Ikufunsa ngati ndakhala kuno zaka zisanu.
Afunse maondo anga,
amadziwa sitepe iliyonse ya nyumba yosamalira okalamba,
afunse basi ya mbandakucha
imene imandipeza ndikunjenjemera pa siteji, chipale chili m'nsapato.

Akuti, zaka zisanu zapitazo, tsiku ngati lomweli,
kodi mapazi ako anali pa nthaka ino?
Analipo. Ndinkasambitsa Bambo Hackett,
madzi ofunda, thaulo lobiriwira,
iwo akunditchula dzina la malemu akazi awo.
Koma kabokosi kakufuna inde kapena ayi basi.

Bambo Hackett omwewo ndinawayesa mafunso a m'kabuku ka mayeso,
za mafumu akale, za nkhondo, za maluwa a zigawo za dziko.
Munthu wobadwira kuseri kwa fakitale,
woumba mbale zadothi zaka makumi anayi,
pa mafunso makumi awiri ndi anayi anakhoza asanu ndi anayi.
Anaseka mpaka mano oikirira anagwera pa bulangete.
"Ndiye andipirikitse, Jincy, iwe utsale!"
Ine ndinakhoza, ndinalakwa awiri okha.

Chingerezi changa anachiyeza m'kachipinda kopanda zenera,
anati chakwana.
Sanandimve usiku ndikunyengerera gogo woiwala dzina lake
kuti ameze supuni imodzi yokha.

Khalidwe labwino, akutero.
Msonkho ndimakhoma malipiro asanandifike m'manja.
Chindapusa chimodzi, ndinaimika galimoto pa mzere wachikasu,
ndachilemba, wobisa matenda maliro amamuulula.
Mboni ziwiri zasaina kale:
Sisita Okonedo wa ku ntchito,
ndi Mayi Pugh oyandikana nawo, amene amandisungira kiyi.

Tsono masiku.
M'chaka chomaliza, akuti, usakhale kunja
kupitirira masiku makumi asanu ndi anayi.
Amayi anadwala mu Febuluwale, ku Kottayam.
Ndinanyamuka ndi kachikwama kamodzi, ndimati milungu itatu.
Matenda sawerenga kalendala ya boma.
Ndinawapesa tsitsi, ndinawadzoza mafuta a kokonati kumapazi,
ankandifunsa ngati uko kumatuluka dzuwa.
Anatsikira kuli chete nditatsala ndi masiku awiri.
Ndikanathamangira ndege bokosi lisanatsekedwe?
Ndinakhala. Ndinaponya dothi langa.
Ndinatseka mazenera a nyumba imene ndinabadwiramo.

Ndawerenga kanayi, ndi pensulo, ndi foni,
kuyambira kumapeto kubwerera kumayambiriro.
Asanu ndi awiri opitirira.
Sakuchepa.

Mwana wanga Aleena walowa, chingamu m'kamwa,
akuyankhula Chingerezi cha kuno, chomeza mawu.
"Mayi, pali malo olembapo chifukwa. Mwina amva."
Mwina. Ndalama yake ndi ya miyezi ya mashifiti ausiku,
ndipo akakana, yambiri sibwerera.
Kapena ndidikire chaka chitembenuke,
masikuwo ayoyoke okha ngati masamba a mu Okutobala.

Ndayang'ana malowo, oyera, aang'ono ngati chikhatho.
Amayi angakwanemo bwanji?

Lumbiro ndinaliloweza kale,
ndimalinena chamumtima ndikamasintha zofunda za odwala.
Tsiku lina ndidzaimirira m'holo ya khonsolo
nditavala sari yawo yofiirira,
ndidzakweza mawu pamodzi ndi alendo anzanga.

Lero ndapinda kalata ya imfa, ndaiika pakati pa pasipoti.
Wotchi yakwana hafu pasiti seveni.
Bambo Hackett sagona ndisanawatsekere katani.