Wokolopa M'nyumba ya Wailesi

Ndimayamba ntchito mzinda wa Detroit ukamagona,
ndowa kumanja, chokolopera kumanzere.
Chikepe chimandilavula pansanjika yachisanu ndi chiwiri
pomwe pali nyali yofiira pamwamba pa chitseko.
Kale ikayaka tinkameza ndi chifuwa chomwe.
Lero imayaka usiku wonse. Mkatimo mulibe munthu.

Mpando wa Lucius Pettiford udakali pomwepo,
chikopa chidang'ambika pomwe ankagogoda ndi mphete.
Zaka makumi awiri ndi zitatu ndidakolopa mozungulira mapazi ake,
iye n'kumakweza miyendo osasiya kulankhula:
"Iyi ikupita kwa Odessa wa ku Livernois,
bambo a kunyumba ali pashifiti ku fakitale ya magalimoto,
akuti usakhome chitseko."
Lamya inkalira ngati mwana wanjala.
Oyendetsa mabasi, manesi, alonda a m'magalaja,
aliyense ndi nyimbo yake, aliyense ndi womusowetsa tulo.

Kenaka kudabwera amuna atatu a masuti ofanana.
Adagula nyumba ino pamodzi ndi zina makumi anayi
m'mizinda yomwe sadagonemo n'kamodzi komwe.
Lucius adamupatsa keke ndi katoni.
Adatsika atakumbatira zimbale zake
ngati wochoka kuchipatala ndi zovala za malemu.

Tsopano woimba ndi bokosi lakuda la pansi pa tebulo,
ndimalipukuta fumbi Lachitatu lililonse.
Lili ndi nyimbo makumi atatu basi, ndidaziwerenga,
zimangozungulira ngati mbuzi yapachingwe,
pakati pake wogulitsa matiresi akukuwa,
loya wa ngozi zapamsewu akutchula nambala yake katatu.
M'bandakucha mawu a mtsikana wosekerera amati,
"Kwacha bwino, Detroit, kunja kukuwala!"
pomwe pawindo chipale chofewa chikugwa chammbali
ndipo basi ya pa Gratiot yatitimira pakona.
Akuti amajambuliratu Lolemba ali kumzinda wina wotentha.
Dzina la msewu wathu amalitchula
ngati likumuwotcha lilime.

Marek wokonza mawaya amabwera kamodzi pamwezi.
"Anthu adasamukira m'mafoni, mayi,
ndani akupotokolabe kabatani kusaka wailesi?"
Ndimangoti chabwino.
Nanga ineyo sindine munthu?

Ana a mumzinda muno sadamve kuti kuno kudatha anthu.
Amalowetsabe maenvulopu pansi pa chitseko,
zimbale zolembedwa pamanja ndi inki yakuda:
"Jovonte ndi anzake. Tidajambulira m'galaja ya amalume.
Chonde mverani yachiwiriyo."
Ndidauzidwa kuti ndizitaya.
Ndimazisunga m'kabati ya sopo, kuseri kwa matsache,
zidakwana zana limodzi ndi zisanu ndi zinayi.

Mdzukulu wanga ndiye adandiuza
kuti pamwamba pa shopu yometera ku Hamtramck
pali kawailesi ka anthu osalipidwa.
Mawu ake sapita patali,
ukangokhota pamlatho amasanduka mafuta othetheka m'chiwaya.
Loweruka ndidasenza thumba lonse, n'kukwera nalo masitepe,
kupumira kawiri, maondo akudandaula.
Mtsikana wa ndolo pamphuno adafunsa ngati ndine woimba.
Ndidati ayi, ndimakolopa.

Usiku uno ndabwera ndi kawailesi kanga ka mabatire.
Ndakaimika pawindo loyang'ana kumpoto,
mlongoti wake ndautalikitsa ndi waya wopachikira malaya.
M'kati mwa kuthethekako lipenga likumveka chapatali,
ng'oma ikuthamanga pang'ono kusiya anzake m'mbuyo,
mnyamata wa mawu osakhwima akutchula Gratiot
momwe timatchulira eni akefe.
Yachiwiri ija.

Ndatsamira chokolopera.
Madzi azizira m'ndowa, pakhonde sindinayambe n'komwe.
Kuseri kwa galasi, pansi pa nyali yofiira,
bokosi lija likulonjezabe dzuwa.