Mtanda wa Tamaz

Tbilisi idakali m'tulo.
Nutsa akuloweza za mayeso pafupi ndi uvuni:
chamoyo chimapuma, chimadya, chimakula...
chachinayi chamuthawa.

Bambo ake sakuyankha.
Angovundukula nsalu pabeseni.
Mtanda umene dzulo unali ngati nkhonya
tsopano wasefukira m'milomo,
ukununkhira ngati pakamwa pa khanda longoyamwa kumene.

"Tapisa chala."
Kadzenjeko kadzitseka kokha, pang'onopang'ono.

"Tizilombo tosaoneka tachezera kudya,
tageya, taswana. Thovuli ndi zinyalala zawo."
Nutsa akwinya mphuno.

Tamaz awerama m'uvuni mpaka m'chiuno,
namata mtandawo pakhoma lamoto.
Mommo ndimo tonse tifera.

Izi buku silinaike pamndandanda.
Nutsa anyema buledi wotentha,
auzira kawiri, adya.