Kugunda kwa Khoma

Usiku wachitatu Lonjezo osagona.
M'kachipinda ka pamwamba pa shopu ya makapeti ku Bradford
akusaka kugunda kumodzi kokha,
kuja kofika pachifuwa khutu lisanamve.

Koyamba kunangoti phwa, ngati thumba lonyowa.
Wadula mchira, wanola mutu,
wakokolola matope a pansi kuti besi ipeze popumira,
koma sipika ikungotsokomola.
Wajambula chitseko cha basi,
chivundikiro cha bini, jombo yake ya kuntchito pa masitepe.
Zonse mbwee pakompyuta, palibe choluma.

Cha m'ma fili koloko, mvula ikunyambita windo,
bambo Ackroyd a chipinda chinacho zawakwana.
Chibakera pakhoma: di!
Kachiwiri: di!
Makapu m'kabati anjenjemera,
mtima wa Lonjezo wadumpha.

Ndi kumeneku.
Kouma kutsogolo, kolemera kumbuyo, kosachedwa kutsanzika.

Maikolofoni m'manja, wanyang'ama mpaka pakhoma,
wakwezanso voliyumu pang'ono,
wagwira mpweya,
kudikira kuti mkuluyo akwiye kachitatu.
Kupepesa n'kwa mawa.
Adzawagulira mabisiketi.