Mfundo Yachitatu

Ku Izmir kumacha ndi kulira kwa zombo.
Nthawi imeneyo ine ndasamba kale mpaka m'zigongono,
mphindi zisanu, burashi, sopo wofiirira,
ndikudikira a dokotala Karabulut.

Iwo salankhula ndi munthu, amalankhula ndi denga.
"Ndani wamupatsa singano ameneyu?"
Anamwino amangozolika.
Wodwala yekha ndiye ali pamtendere, wagona,
sakudziwa kuti dzanja lili m'mimba mwakelo
layamba kunjenjemera.

Mfundo yachitatu ndinaimanga mopotoka.
Anandilanda chopanira osandiyang'ana
n'kumaliza okha, mwaluso ndithu, ndisaname.
Ndinakwera basi ndikudziwa kuti ndalakwa,
koma polakwapo osapadziwa.

Usiku ndinasoka makoko a malalanje,
ndinamanga ulusi pamwendo wa mpando,
mfundo zana, zonse zogwira.
M'mawa pamaso pawo
zala zinandikana ngati sizindidziwa.

Lachinayi kunali a Özdilek,
mayi wa mawu otsika, magalasi omata ndi pulasitala.
Kamtsempha kanabooka, pabala panadzaza.
Ndinadikira bingu.
"Nermin, ukuona chiyani?"
Magazi.
"Akuchokera pati? Ika chala pamenepo. Puma kaye."
Manja awo anali pompo, pafupi ndi anga,
koma sanalande.

Titatuluka sanandiyamikire, ayi.
Tiyi akuzizira m'kagalasi,
anajambula mkono wanga kuseri kwa lisiti.
"Ukachita mantha chigongono chako chimakwera.
Uzichitsitsa."
Basi, chimodzi chokhacho.
Ndinachinyamula ngati dzira mpaka kunyumba.

Papita zaka zisanu ndi chimodzi.
Dzulo mnyamata watsopano, Tuncay,
wamanga mfundo yopotoka,
ndipo ndinamva mawu akukwera pakhosi panga,
a Karabulut enieni,
maso anga atapita kale kudenga.
Sindinkadziwa kuti ndinawameza amoyo,
kuti zaka zonsezi amangokhala m'menemo, kudikira.

Ndinaluma mlomo kuseri kwa masiki.
Chigongono cha mwanayo chinali m'mwamba
ngati phiko lothyoka,
khosi lake litanyowa.
Makina ankawerenga mtima wa wodwala, osafulumira.

"Ukuona chiyani?" ndinafunsa.
Mawuwo anatuluka okalipa pang'ono,
sanali ofewa ngati a mayi aja.
Anayankha motsitsa, ndinamuuza abwereze.
Kenako ndinapinda manja anga pachifuwa
n'kuwagwira zolimba,
chifukwa ankafuna kulanda.