Njere ya Mphodza

Loweruka, kuseri kwa nkhokwe za tirigu ku Saskatchewan,
chisanu chitasungunuka n'kutisiyira matope,
Lorne Hrycan anatsitsa bokosi m'galimoto
ngati wonyamula khanda la eni.
M'katimo munagona mfuti ya ku Jeremani,
thako losalala, mpope wonenepa,
madola zikwi zitatu, osawerengera galasi.

Ine ndinabwera ndi ya malemu amalume Orest,
yokulungidwa m'bulangete la galu.
Anaigula m'sitolo ya misomali ndi utoto,
ndipo ili ndi chipsera
pomwe chitseko cha thirakitala chinailuma.

Zonse zimadya chakudya chimodzi:
tizipolopolo ta twente-thu,
tomwe moto wake umabisala m'mkombero
kudikira chitsulo chidzagogode.

Mamita makumi asanu. Matumba a mchenga.
Zisanu zisanu, tinapangana choncho,
Delphine, mkazi wa Lorne, atagwira choyezera
ndi pensulo yomwe amaluma akamawerengera.

Ya Lorne sichedwa kumva.
Chala chikangoganiza, iyo yayankha kale.
Mabowo asanu anakumbatirana papepala
mpaka kusanduka bowo limodzi lamakutu.

Yanga ndi yofuna kunyengerera.
Ukakoka imakwekwereza ngati chitseko chotupa ndi mvula,
ukokabe, mpweya uli pakhosi,
mtima ukugogoda m'khutu,
kenako pha!
Zinayi zinagwirizana pachibale,
chachisanu chinakaima pachokha kumanzere
ngati mwana wonyanyala pa chithunzi cha banja.

"Mpope umenewo," anatero Lorne.
"Kapena khofi," anatero Delphine,
maso ali pa manja anga.
Ndiye tinasinthana.

Apa m'pomwe nkhani inakhota.
Ya ku Jeremani inandiulula:
chipolopolo chilichonse chinagwera pomwe ndinalozadi,
osati pomwe ndinkayesa kuti ndaloza,
ndipo ndinasowa woti ndimunamizire.
Ya amalume, m'manja mwa Lorne, inakhazikika
ngati hatchi yozindikira wokwera.
Chonyanyala chija chinalipobe,
koma chinasendera pafupi ndi anzake.

Delphine anapeza kabokosi kakale m'galimoto,
zipolopolo zotchipa, makatoni ake atafewa.
Ya amalume inazilandira ngati chakudya chakwawo.
Yodula ija inazilavula uku ndi uku,
Lorne n'kutukwana chapansipansi
m'chilankhulo cha makolo ake.

Cha m'ma fili koloko inafika mphepo ya kumadzulo,
yomwe kuno ilibe phiri loifunsa komwe ikupita.
Inakankha zipolopolo zathu mofanana.
Mphepo siwerenga lisiti.

Pomaliza Delphine anawonkhetsa, nafufuta, nawonkhetsanso.
Yodula inapambana. Sindibisa.
"Ndi zingati?" ndinafunsa.
Anapisa m'thumba la jekete,
momwe simusowa zotsala za kumunda,
natulutsa njere ya mphodza,
n'kuiika pakati pa mapepala awiri.
"Iyi," anatero. "Mwina ndi theka."

"Pa mpikisano ku Regina," anatero Lorne,
"njere imeneyi ndi mendulo."
Sananame.
"Chitini cha pamwamba pa mpanda," ndinatero ine,
"sichidziwa kusiyana kwake."
Nanenso sindinaname.

Tinatola timakoko tamkuwa m'matope,
zala zitauma, dzuwa likutsamira pa mawaya a magetsi.
Iye anapukuta yake ndi nsalu yapadera.
Ine ndinakutumula ubweya wa galu.

Koma pali pepala limodzi
lomwe lili pa firiji yanga mpaka lero,
mabowo asanu ophimbika ndi kakhobidi,
abwino kuposa onse a tsikulo.
Delphine anaiwala kulembapo dzina,
kaya la mfuti, kaya la munthu.
Lorne akabwera kudzabwereka jeke
amaima pamenepo, chipewa chili m'manja,
n'kunena kuti ndi lake.
Ine ndimangotereka madzi a khofi.