Ya Savala Chipewa

Ku Ginnery Corner, kumene timadinda mabuku,
a Malikebu anandisiyira zolemba zawo
kuti ndingowongola mutu wokha:
Mbiri ya Ndirande.
"Nanga ya ameneyu, akhale wamkulu?"

Ayi bambo, ya ndi mtengatenga,
amangolumikiza, savala chipewa.
M wamkulu, N wamkulu, basi.

Koma magetsi atathima
ndinayatsa tochi ya pafoni, tsamba 47.
Akuti chaka cha madzi osefukira chija
Nasolo sanatenge munthu.
Anamva kwa yani?
Mlongo wanga Esinala tinamupeza kunsi kwa mlatho
atavala nsapato imodzi.

Ndinasanthula mpaka kuchikuto:
dzina la mboni palibe,
kalata palibe, tsiku palibe,
"anthu amati" yekhayekha,
kasanu ndi kawiri patsamba limodzi.

Mawa akabwera ndi ambulera yawo yothyoka
ndiwapatsa mutu wawo wowongoka,
chilembo chilichonse pa msinkhu wake.
Kenako ndiwalipirira minibasi,
tikatsike pa Chinseu,
akakhale pakhonde, afunse mayi anga,
tisanadinde makope mazana asanu.