Jezi ya Nambala 14

Pansi pa hotela ya ku Braamfontein,
kumene dzuwa silidziwa njira,
abwana a Sibongile anamata pepala pakhoma
pakati pa makina awiri ochapira.
Amvekere, awa ndi matimu a atsikana a kiriketi,
dziko lililonse thumba lake, musasokoneze.

Ndinawerenga ndi chala, pang'onopang'ono,
monga ndinkachitira mu sitandade faifi.
Uganda. Rwanda. Namibia. Maina oluma lilime.
Kenako Malawi,
chala n'kuima chokha.
Tafika Chimphepo, kaputeni.
Sigele Namagonya. Mwandida Kamtedza.
Ndinawatchula mokweza
mpaka mayi wa ku Bulawayo wa pa simbi anacheuka.
Zaka zisanu ndi zinayi mu Joni muno
maina akwathu ndimawaona m'kaundula wa apolisi basi,
kapena papepala losonkherana ndalama
zotumizira maliro kumudzi.

Masewerawo sindiwadziwa.
Ndimangomva kuti pali timitengo titatu,
wina akutitchinjiriza ndi thabwa,
ena khumi ndi mmodzi akufuna tigwe.
Ndinati aa, nanga si moyo wa kuno womwewu?

Koma zovala sizinama.
Madzulo zimatsika ndi nkhani zonse za kubwalo.
Thalauza la Sigele, mawondo biriwiri ndi udzu,
ameneyu amadziponya pansi osaganiza za mawa.
Jezi ya Mwandida inatanuka phewa lamanja,
mchere wa thukuta utajambula mapu kumsana.
Ya kaputeni imanunkha mankhwala otikitira
ndi tulo tosagona.

Nambala 14 yokha, Ndaziona Makwinya,
inkabwera monga inapitira.
Lolemba, yopanda banga.
Lachitatu, yopanda banga.
Pachifuwa pokha chinyontho pang'ono,
pamene amafukatira mabotolo a madzi a anzake.
Ndinkaichapabe.
Ndinkaisita kawiri, kolala njo,
kuti mwina aphunzitsi aione.

Mwana iwe, ndikukudziwa ngakhale sindinakuone.
Iwe unabwera pa ndege, wovala taye ya dziko,
ine pa basi, masiku atatu,
miyendo itatupa pamzere wa pa Beitbridge,
koma benchi lathu ndi limodzi.
Kwanu anamva dzina lako pa wailesi,
pano akungoyang'ana foni.
Ukawauza chiyani usiku uno?
Kuti Joni ndi wamkulu, magetsi mbee?
Nanenso ndimawauza zomwezo.

Lachisanu thumba linachedwa.
Kunja kunagwa mvula ya matalala
imene imabwera muno mosagogoda,
tekisi yomaliza ya ku Rosettenville n'kundisiya.
Ndikukhuthula patebulo, mkwiyo uli pakhosi,
ndinaona dothi lofiira la mzinda uno,
lomwe bambo awo a bambo anga ankakumba kunsi kwake
atavala nambala padzanja,
litapakika kuyambira paphewa mpaka m'chiuno,
pachigongono patang'ambika,
kadontho ka magazi pampendero.
Ndinatembenuza kumsana.
Wani ndi folo.

Sindinafunse amene wapambana.
Ndinakhala pa ndowa, jezi pamiyendo,
kuseka ndekha, misozi ili chuchuchu,
mpaka a Sibongile anatsika masitepe
kudzafunsa chifukwa chake makina ali zii.

Imeneyo sindinaiponye m'makina.
Ndinaichapa pamanja
ndi kachidutswa ka sopo wa m'chikwama changa,
monga ndinkachapira yunifolomu ya mwana wanga
amene chaka chino akulemba folomu folo
amake asakumuona.
Dothi linachoka lonse, ntchito ndi ntchito.
Koma pong'ambika paja
ndinasoka ndi ulusi woyera,
wofiira ulipo m'kabati,
kuti akakatera pa Chileka
amayi ake akangoona
osafunsanso.